Lamulungu Lokawazonda Amayi

Ndikukumbukira chaka chimene amayi anga anatengedwa pa galimoto ya apolisi. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo tinkakhala mu komboni ya antchito a m'munda wa nzimbe ku Tongaat, kumpoto kwa Durban. Bambo anali khukhi wa mzungu woyang'anira mundawo. Kwawo kunali ku Ntcheu, ndipo anachita zimene amuna ambiri opita ku Joni masiku amenewo sankachita: ntchito itakhazikika, anabwerera kumudzi kukatenga mkazi wawo. Ine ndinabadwira mu komboni momwemo, m'chipinda chimodzi cha malata chimene chinkanunkha utsi wa nzimbe zowotchedwa theka la chaka.

Pakhomo tinkayankhula Chinyanja, monga tinkachitchulira kalelo, koma chinali Chinyanja cha m'nyumba basi: idya, samba, tseka chitseko, usasewere ndi moto. Ndikangoponda panja ndinkasanduka Mzulu. Ndinkasewera m'Chizulu, kutukwana m'Chizulu, ndipo kusukulu ya mishoni nakonso chinali chomwecho. Amayi sanachiphunzire. Ankati lilime lawo linauma kale, ndipo kugolosale ya mmwenye ankapita ndi ine kuti ndiziwayankhulira. Anali munthu waulemu wochita kunyanya, wosadutsa munthu panjira osagwada pang'ono.

Chaka chimenecho amayi anabereka mwana wamkazi, amene anamwalira asanatuluke m'chikuta, asanapatsidwe ndi dzina lomwe. Kumudzi kukanakhala azimayi owazungulira, owasambitsa, owayankhula mpaka mtima utabwerera m'malo. Ku Tongaat kunali ine ndi bambo, ndipo bambo ankachoka mbandakucha kukakoleza moto kukhitchini ya mzungu. Amayi anapitiriza kuchapa matewera. M'mawa uliwonse ankawachapa, oyera kale, n'kuwayanika pa waya. Kenaka anayamba kumva khanda likulira m'nzimbe, ndipo ankalowa m'munda kukalifuna. Tsiku lina odula nzimbe atayatsa munda kuti masamba apse, anawaona akulowera kumene kunali motoko, n'kuwakoka nsalu yawo itayamba kale kufuka.

Mzunguyo anaitana apolisi. Galimoto inafika masana, anthu onse a mu komboni akuona. Bambo anaitanidwa kuchokera kukhitchini, epuloni ili m'chiuno, manja ali mbuu ndi ufa wa buledi. Wapolisi anawagwira chala chachikulu n'kuchidinda pa pepala, pepalalo n'kulipinda n'kuliika m'thumba mwake. Amayi anakwera okha, osalimbana ndi munthu, ndipo atakhala pansi anandiyang'ana kudzera pa waya wa pazenera n'kunena kuti, "Uanule matewerawo, mvula ikubwera."

Ndinaanuladi, ngakhale kumwamba kunalibe mtambo. Kuyambira tsiku limenelo azimayi a mu komboni ankaitana ana awo ndikayandikira pakhomo pawo, ndipo pampopi ndinkatunga pomalizira.

Kumene anawapititsa kunali kutali, kumtunda, ulendo wa sitima ziwiri. Akuluakulu sankakutchula dzina, ankangoti kuphiri. Amene ankakudziwa bwino, kapena ndinene kuti amene ankati akukudziwa, anali Bheki, mwana wa woyendetsa thalakitala, wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo. Bheki ankati malume ake analonderapo kumeneko. Tikakhala pa mlatho wa kanjanji konyamula nzimbe, tikutafuna zimene zagwa m'ngolo, ankatifotokozera. Ankati kuphiri kuli chipinda chopanda mazenera, ndipo m'chipindamo muli makina aakulu ngati injini ya kufakitale ya shuga. Amamumanga munthu pa bedi, n'kumuveka chisoti cha waya, n'kuyatsa magetsi. Makinawo amayamwa chithunzithunzi cha munthuyo n'kuchithira m'botolo, ndipo mabotolowo azungu amawatumiza kutsidya kwa nyanja. Munthu uja amatsala akuyenda, akudya, koma akaima padzuwa pansi pamakhala poyera. Akafa sapita kulikonse, amangozungulira m'makonde kufunafuna botolo lake. Anzanga ankakuwa mokondwa n'kumupempha kuti abwereze. Ine ndinkakhala kumapeto, nzimbe itandiwawira m'kamwa. Mwina anaiwala kuti amayi anga ali komweko, mwinanso ankakumbukira ndipo nkhaniyo inkakoma chifukwa chomwecho.

Ndikulemba izi ndili ku Chatsworth, mu Durban, m'chipinda cha kuseri kwa nyumba imene mwana wanga wamkazi amachita lendi ndi kusokeramo zovala, ndipo chimene chandigwiritsa cholembera ndi mkwiyo. Nkhani za Bheki zija ndazipezanso, koma tsopano zili ndi zikuto zonyezimira. Mdzukulu wanga Tadala amabwera nazo kuchokera ku laibulale, mabuku achingerezi onenepa, pachikuto pali khonde lalitali la chipatala, nyali yobiriwira ndi njinga ya odwala yopanda munthu. Ine ndinagwira ntchito ya ukalaliki m'boma la Malawi mpaka kupuma, ndipo sindiweruza pepala ndisanaliwerenge mpaka tsamba lomaliza. Choncho ndinawerenga angapo, galasi lokulitsira zilembo lili kudzanja. Onse ndi amodzi. Chipatala cha amisala chili kwachokha kutali ndi anthu. Dokotala ali ndi makina obisika pansi pa nyumba, akuboola mitu ya odwala kuti zamoyo zochokera kuseri kwa nyenyezi zilowemo. Odwalawo amayankhula chinenero chimene palibe munthu wa padziko lapansi amachimva, ndipo amene anafa kalekale akuyendabe m'makonde. Muli maunyolo, muli makoswe, muli magalasi osweka. Benchi ya alendo sindinaipeze m'buku ngakhale limodzi. Odwala a m'mabuku amenewa alibe mayi, alibe mwana, palibe amene amawabweretsera nthochi.

Nditamuuza zimenezi Tadala, anaseka. "Eish, agogo, ndi nkhani chabe. Munthu amafuna kuchitako mantha pang'ono."

"Ukuopa ndani m'menemo?"

"Mizukwa."

"Nanga isanakhale mizukwa inali ana a ndani?"

"Agogo, lembani kalata ya madandaulo basi. Si ndiye ntchito yanu imeneyo?"

Ankanyoza, koma ndinalembadi kwa osindikiza ake, ndipo kope lake lili m'sutikesi pamodzi ndi mapepala anga ena. Sanandiyankhe. Tibwerere ku Tongaat.

Patapita milungu ingapo, Lachisanu madzulo dzuwa lisanalowe, bambo anali pakhomo akupolisha nsapato zawo za kutchalitchi. Mzungu ankawapatsa Lamulungu limodzi pa mwezi. Osadzutsa mutu anati, "Jemusi, mkuja tikawazonda amayi ako. Usambe bwino, uvale malaya oyera aja."

Owerenga a kumudzi saona chachilendo m'mawu amenewa. Koma m'Chizulu, ukuzonda ndi kudana ndi munthu, chidani chenicheni chochokera pansi pa mtima. Ndi mawu amene ife ana tinkalavulirana tikamenyana mpaka magazi: ngiyakuzonda. M'Chinyanja cha m'nyumba mwathu ndinali ndisanawamvepo, chifukwa ku Tongaat tinalibe wachibale woti angadwale ife n'kupita kukamuona. Choncho ine ndinamva bambo anga akunena modekha, burashi ili m'manja, kuti mkuja tivale bwino tikadane ndi amayi.

Sindinafunse. Mwana wa nthawi imeneyo sankafunsa bambo ake tanthauzo la mawu. Komanso zinkagwirizana ndi zimene ndinaona: chala chija chodindidwa popanda kutsutsa, ndi zovala za amayi zimene bambo anazipinda n'kuzitsekera m'bokosi la chitsulo. M'mawa mwake ndinapita kwa Bheki kukamufunsa ngati n'zoona kuti achibale amapita kuphiri kukadana ndi wodwala. Bheki sankasowa yankho. Anaganiza pang'ono, maso ake n'kuwala. "Yebo," anavomera, n'kupitiriza m'Chizulu. "Makinawo sagwira ntchito ngati kunja kuli munthu amene akumukondabe. Ndiye amaitana achibale, afole pamzere, aliyense amulavulire n'kunena kuti sakumudziwa. Mwana ndiye amamaliza. Akatero dokotala amayatsa."

Panopa ndikudziwa kuti anapeka pomwepo, ine ndili chiimire pamaso pake. Koma tsiku limenelo ndinamva kuti chithunzithunzi cha amayi chili m'manja mwanga, ndipo chikhalabe chawo ngati ine sindipita.

Lamulungu m'mawa ndinatuluka ngati ndikupita kuchimbudzi, n'kulowa m'nzimbe zosadulidwa. Amene sanalowemo sadziwa. Masamba amacheka ngati lumo, pansi pamakhala chinyezi chofunda, mphepo siilowa, ndipo aliyense wa ife ankadziwa kuti m'menemo ndi mwa njoka. Ndinanyonyomala pakati penipeni. Ndinamva bambo akuitana dzina langa, poyamba mwaukali, kenaka ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo kwa iwo, ngati akupempha. Kenaka sitima inalira kusiteshoni. Ndinatuluka dzuwa lili pamutu, miyendo ili mikwingwirima yokhayokha, ndikudziona ngati ngwazi.

Bambo anabwera madzulo atanyamula kamtolo komweko kamene anapita nako, ka nthochi ndi buledi, kosamasula. Ndinayembekezera lamba. Sanandimenye. Anaika kamtoloko pa tebulo, n'kuvula nsapato, n'kukhala akuyang'ana khoma. Ine ndinati mumtima: apita, akadana nawo, ndipo ngakhale chakudya awamana. Mwezi wonse umenewo tinakhala m'chipinda chimodzi ngati alendo okumana pa siteshoni. Zotsala za patebulo la mzungu zimene ankandibweretsera, nyama yozizira ndi mbatata, ndinkazidya chifukwa cha njala, koma osawathokoza.

Lamulungu lawo lotsatira anandilawirira. Nditatsegula maso anali ataima kutsogolo kwa chitseko, atavala kale jekete, lamba ali m'manja. "Lero upita," anatero. Ndinagwira mwendo wa bedi ndi manja onse awiri. Anandikoka, bedi n'kubwera nane limodzi. Anakweza lamba uja. "Ndiwe mwana wanji iwe, wokana kukawazonda amako?"

Lamba anatera kamodzi pamsana. "Angimzondi umama!" ndinakuwa m'Chizulu, chinenero chimene ndinkalirira, kutanthauza kuti sindidana nawo amayi anga. "Pitani nokha. Ine sindikawalavulira."

Dzanja la bambo linaima m'mwamba. Kenaka anabwereza liwu lija pang'onopang'ono, kamodzi m'Chinyanja, kamodzi m'Chizulu, ngati munthu amene akuyerekeza makiyi awiri ofanana. Chizulu ankachimva ndithu, ndipo liwu limenelo ankalimva tsiku ndi tsiku mu komboni, koma m'mutu mwawo mawu awiriwa anali asanakumanepo. Anakhala pa bokosi la chitsulo, lamba ali pa maondo, n'kuphimba nkhope ndi chikhatho. Mapewa awo ankagwedezeka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati kunali kuseka.

"Bwera kuno," anatero pomaliza. "Kwathu kuzonda ndi kupita kumene kwagona wodwala, n'kukakhala naye pansi. Sunyamula mankhwala, mankhwala ndi a dokotala. Umapita kuti akuone nkhope, adziwe kuti kunja kuno akadali m'gulu la anthu." Anandipukuta mamina ndi mpango wawo wa m'jekete. "Mwezi watha amako sanandiyang'ane ine. Ankayang'ana kumbuyo kwanga. Ataona kuti kulibe munthu anatembenukira kukhoma, nthochi n'kuzikana. Anesi akuti kudya akuchita kuwakakamiza."

Ndinawafunsa za makina ndi mabotolo. Anandifunsa kuti wandiuza ndani, ndipo nditatchula Bheki anangoti, "Malume akewo amagulitsa mowa ku Verulam, sanalonderepo ndi khola la nkhuku lomwe. Vala nsapato, sitima sidikira."

Za ulendowo ndimakumbukira kwambiri kuzizira. Tinasintha sitima mu Durban, ndipo yachiwiriyo inkakwera mapiri pang'onopang'ono, nzimbe n'kutha, kuyamba udzu wofiira ndi nkhungu. Kuchokera pa siteshoni tinayenda pansi mumsewu wa mitengo ya bulugamu. Pachipata panali ife ndi gogo wina wa Chizulu atanyamula chigubu cha chambiko, basi. Mlonda anatilozera khonde kumene kunali benchi yaitali yoti ikanakwana mpingo wonse. Ife tinakhala kunsonga imodzi, gogo uja kunsonga inayo, pakati ponse pali fumbi.

Ngakhale bambo anali atandifotokozera, maso anga anali pansi. M'bwalo munali azimayi ambiri, onse atavala madiresi ofanana a nsalu yokhuthala ngati ya matumba, onse ometedwa mpala. Ena ankayenda mozungulira, ena anakhala chotsamira khoma kuothera dzuwa. Ndinawayang'ana mmodzimmodzi, ndipo aliyense anali ndi chithunzithunzi chake, chomutsatira ngati cha munthu wina aliyense. Kukuwa kumene Bheki ankanena sindinakumve. Kunkamveka masupuni akugunda mbale za chitsulo, chifuwa cha munthu wina chapatali, ndi nkhunda padenga. Kunkanunkha mankhwala okolopera ndi kabichi wowiritsa. Makina a magetsi analipo ndithu, sindikubisa. Bambo anandiuza nditakula kuti ankawagwiritsa ntchito, ndipo amayi akachokako ankaiwala kuti ndi tsiku lanji. Koma zimene ndinaona ndi maso anga zinali azimayi otopa amene ankatembenuka onse chitseko chikalira, kuona ngati wabwerayo ndi wawo.

Nesi wa Chizulu, wonenepa, makiyi ali m'chiuno, anatulutsa amayi atawagwira pachigongono. Sindinawazindikire msanga. Mutu wopanda duku unkaoneka waung'ono, ndipo diresi linkalendewera ngati lili pa msomali. Anayang'ana bambo, kenaka kumbuyo kwa bambo, kumene ine ndinabisala. Anaima.

"Mwadzuka bwanji?" anatero amayi, ngakhale dzuwa linali litafika kale pamutu. Mawu awo anali otsika, ngati a munthu woyesa chitseko chimene akudziwa kuti n'chokhoma.

"Ndadzuka bwino, amayi, kaya inu?"

Amayi anakhala pa benchi. Anandigwira pamkono n'kuuzunguliza ndi zala ziwiri kuona ngati ndaonda. Nesi uja anali atatsegula pakamwa. "We mfana," anandiitana, n'kundifunsa m'Chizulu kuti ndawauza chiyani. Anati mawu amenewo ndi amene amayi ankanena m'mawa uliwonse chifikireni, bedi ndi bedi, kwa odwala anzawo, kwa anesi, ngakhale kwa wokolopa. Palibe amene ankadziwa tanthauzo lake. Odwala ena ankati akuwalodza, ndipo wina anawagenda ndi mbale. Anesi ankati ndi mbali ya matenda awo. Masiku omalizawa anali atayamba kuwanena motsitsa, atayang'ana khoma.

"Akupereka moni," ndinatero. "Akufunsa ngati mwadzuka bwino."

Nesiyo anaseweretsa makiyi ake. Kenaka anafunsa kuti woyankha amati chiyani. Ndinamuphunzitsa pakhonde pomwepo. Lilime lake linkakana, ankati "ndazuga", ndipo amayi anadzutsa mutu n'kumukonza ngati akukonza mwana: "Ndadzuka. Dzu." Nesi anabwereza mpaka amayi anagwedeza mutu.

Bambo anamasula kamtolo. Amayi anasenda nthochi n'kuidula pakati, theka n'kundipatsa. Anadikira kuti ndimeze, kenaka anadya lawo. Anadyanso yachiwiri. Sindikunena kuti anachira. Belu lotulutsa alendo litatsala pang'ono kulira, anatembenukira kwa bambo n'kufunsa kuti, "Nanga khanda mwalisiya ndi ndani?" Bambo anayang'ana nsapato zawo n'kuyankha kuti, "Lagona, a Nangozo."

Lolemba ndinapita pa mlatho paja ndi nkhani yanga. Ndinawauza anzanga kuti ndafika kuphiri, ndaona ndi maso, aliyense ali ndi chithunzithunzi, ndipo kukungonunkha kabichi. Anandimvetsera pang'ono, wina n'kuyasamula. Bheki anati zoona zimakhala m'chipinda cha pansi chimene alendo saonetsedwa, ndipo onse anatembenukira kwa iye. Sindinakhalenso nawo pa mlathowo.

Kuyambira pamenepo sindinaphonye Lamulungu la bambo. Nesi uja ankawayankha amayi m'mawa uliwonse, ndipo odwala ena anatengera. Amayi anayamba kunenepako, tsitsi n'kumera. Kenaka nesiyo anasamutsidwa, ndipo nyengo yozizira yotsatira chifuwa chinalowa m'wodi. Uthenga wa imfa ya amayi unatipeza kudzera kwa kalaliki wa pamunda, wapakamwa, maliro ataikidwa kale. Bambo anapempha pepala la imfayo. Kuphiri anati lili ku ofesi ya m'tauni, ku ofesi anati lili kuphiri. Chaka chotsatira tinakwera sitima kubwerera ku Ntcheu, ndipo abale a amayi atafunsa kuti mwana wawo wagona pati, bambo analibe choonetsa.

Anthu amandiseka chifukwa cha masutikesi anga. Muli malisiti a mankhwala, matikiti a basi, makalata a kusukulu a ana amene pano ali ndi ana awo. Aziseka. Nditabwera kuno kudzakhala ndi mwana wanga, ndinakwera kuphiri kuja kukafunsa za manda. Mtsikana wa pa desiki anali waulemu, anandipatsa mpando. Anandifunsa ngati ndili ndi pepala lililonse losonyeza kuti munthu ameneyo anagonekedwapo kumeneko. Ndinali nditanyamula chikwama chodzaza, koma limene ankafunalo munalibe.

Bheki sindimusungira chakukhosi, anali mwana. Amene amandikwiyitsa ndi akuluakulu ophunzira amene amakhala pa desiki n'kupeka zomwezo kuti anthu azisangalala nazo. Ine ndikudziwa chimene nkhani yotere imachita, chifukwa inanditsekera m'nzimbe tsiku limene amayi anga ankayang'ana kumbuyo kwa bambo. Munthu akauzidwa kawirikawiri kuti kuseri kwa mpanda uja kuli mizukwa, sapitako, ndipo amene ali m'katimo amatsala akupereka moni kwa khoma mpaka atayamba kuonekadi ngati mzukwa.

Masiku ano, chiyambire zipolowe zothamangitsa anthu obwera za mu 2008, ambiri a ife timabisa chinenero chathu. Mu takisi ndikayamba kuyankhula, mwana wanga amanditsina pantchafu. Ndimamumvera, poti ndi iye amene amayenda m'misewuyi tsiku ndi tsiku. Koma m'wodi ya odwala maganizo ya chipatala china cha mumzinda muno mwagona mnyamata wa ku Mangochi, amene ankasamalira maluwa ku Amanzimtoti mpaka anthu anamuotchera chipinda chake ndi zonse zimene anali nazo. Chichitikireni zimenezo sayankhula. Si m'bale wanga, ndinamva za iye kwa azimayi ogula katundu amene amabwera kudzasoketsa kwa mwana wanga. Lachinayi lililonse ndimakwera takisi ndili duu, nthochi zili m'jumbo, ndipo ndikafika pa benchi pamene amakhala ndimanena mokweza, kuti wodi yonse imve, "Mwadzuka bwanji, achimwene?" Sanandiyankhebe. Sabata yatha anasendera kumbali pang'ono, kundisiyira malo.